Khofi Wosapitirira M'chiuno

Chikwanje chinatera kamodzi kokha, kamtengo kanga ka mapeyala n'kugwa, masamba ake akunjenjemerabe. Ndinali nditangotuluka m'khitchini, chipande chili m'manja, ndipo ndinangoima pomwepo kukamwa kuli yasa. Alamu anga a Yoramu, akulu awo a malemu amuna anga, anapukutira chikwanjecho pa thalauzi ngati munthu amene wangopha njoka.

"Alamu, kalakwanji kamtengoka?"

"Kamtengo sikanalakwe, amake Tawina. Mwalakwa ndinu. Inu pano ndinu mtengwa. Mtengo amadzala ndi mwini nthaka, osati mlendo."

Mlendo! Ine amene njerwa za nyumba yathu ndinaponda dothi lake ndi mapazi angawa, ndili ndi pakati. Kamtengoko kanamera pa nthangala ya peyala lomaliza limene a Chrispine anadya ali gone kuchipatala, chifuwa chitawafoola. Nthangalayo ndinabwera nayo nditaimanga pansonga ya chitenje, tsiku lomwe tinabwera ndi maliro.

Kwathu ndi ku Sharpevale, kuchigwa. A Chrispine anandilowola n'kunditengera kwawo kwa Champiti, kumtunda kozizira kumene anthu amadya kachewere ngati alibe china chodya. Iwo atamwalira, akubanja anakhala pansi n'kugwirizana kuti akadzamanga chiliza, andisudzula ndibwerere kwathu. Mwana wanga Tawina, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba sukulu, atsale, poti ng'ombe zinapita kwathu ndipo mwana ndi wa kuchimuna. Nyumbayo anali ataiyang'anitsitsa kale Bizwell, mwana wa a Yoramu, yemwe anali pafupi kukwatira.

"Ngati manja akukuyabwani, kadzaleni kuseri uko," anatero a Yoramu, akuloza ndi chikwanje. "Koma zikhale zinthu zosapitirira m'chiuno, zoti tsiku lonyamuka muzule, muike m'beseni, musenze. Chikangopitirira m'chiuno, ndibwera nacho ichi."

Apongozi anga, a NaMaseko, anali pakhonde la nyumba yawo akusenda kachewere. Anamva zonse. Mpeni wawo sunaime ngakhale pang'ono.

A Yoramu ankadziwa chimene ankachita ponena za kuseri. Malowo ndi kangodya kopanikizika: mbali iyi khoma la nyumba, mbali iyo khitchini, pamwamba nthambi za jakaranda wamkulu amene malemu apongozi anga aamuna anadzala atabwera ndi njere zake m'thumba la jekete kuchokera ku Joni. Dzuwa limangosuzumirako m'mawa, kenako n'kupita kukawalira ena. Ngakhale udzu sunkafuna kumerako.

Koma ine Thokozile, ukandiuza kuti apa sipamera kanthu, wandipatsa ntchito. Ndinayamba ndi zimene ndinkazidziwa kwathu. Ndinaika matimati, anatalika ngati ulusi, otumbuluka, n'kugwa okha. Ndinaika nandolo, naye chimodzimodzi. Mbewu za kuchigwa zinazolowera dzuwa lowawula, mthunzi zimauona ngati matenda. Akazi a alamu anga ankadutsa dala njira ya kuseriko popita kumjigo.

"Dimba likuyenda, amake Tawina? Mutigaireko zikacha."

"Musadandaule, mudya," ndinkayankha choncho, mano ndikukuta.

Tsiku lina ndikusesa masamba a jakaranda pangodyapo, tsache linakodwa pa mwala wafulati. Ndinagwada, n'kuupukuta ndi dzanja. Mwala umenewo ndinkaudziwa, kungoti chisoni chinali chitandiiwalitsa.

Tawina atabadwa, ndili m'chikuta, mchombo wake unagwa m'mawa wina. Apongozi anautola, anaukulunga m'kansanza, n'kundikodola kuti ndiwatsatire. Tinazembera kuseri kuja awiriwiri. Anakumba ndi mpeni, anaukwirira, n'kuikapo mwala. "Apa ndiye kwawo kwa mwanayu," anatero. "Munthu kwawo ndi kumene kuli mchombo wake. Asadziwe mwamuna aliyense, ngakhale bambo ake. Zimenezi n'zathu akazi." A Chrispine anapita kumanda osadziwa. A Yoramu, ndi chikwanje chawo chonsecho, sankadziwa kuti andilozera pati.

Ndinakhala pansi pamenepo nthawi yaitali, tsache lili pamiyendo. Podzuka ndinali nditadziwa chochita.

Mvula yoyamba itagwa ndinapita kwa Tikondwe, mnzanga wa Mvano, amene amafesa mbande m'machubu kuseri kwa tchalitchi n'kumagulitsa. Ndinamupeza atawerama, akuzula udzu m'machubumo.

"Ndikufuna zitsamba zokonda mthunzi," ndinatero. "Zazifupi. Zosapitirira m'chiuno."

Anawongoka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "M'chiuno mwa ndani? Mwakomu muli pafupi ndi pansi."

"Usandiseke iwe, ndapsa mtima."

"Unayamba liti kusapsa mtima? Tiye kuno."

Maso anga anathamangira pa maluwa ofiira aja amene anthu amadzala kumpanda. Tikondwe anandimenya padzanja.

"Amenewo mumthunzi angokupatsa masamba, duwa sudzaliona mpaka kalekale."

"Nanga chanzi? Kwathu chimangomera chokha."

"Kwanu kuja dzuwa limaphika dzira pamwala. Iwala za kwanu. Tayang'ana masamba, Thoko. Chitsamba cha mumthunzi chimakhala ndi masamba otambalala, obiriwira mpaka kuda. Cha masamba ang'onoang'ono otuwa, chisiye, n'cha padzuwa."

Anandisankhira tsabola wa kambuzi kuti ndiike cham'mphepete, pamene kadzuwa ka m'mawa kamafika. Anandipatsanso timitengo ta maluwa a buluu otuluka m'magulumagulu, amene mbewu yake anaithyola kumishoni. Amenewo anati ndiwatsamiritse kukhoma, pamene chinyontho chimakhalitsa.

"Izi n'zabwino," ndinatero, "koma ndikufuna chimodzi cha mizu yokakamira. Chogwira dothi osalitaya."

Tikondwe anasiya kuseka. Nkhani yanga ankaidziwa, monga mmene mudzi wonse unkaidziwira, ngakhale za mwala uja sindinamuuze. Anapita kumapeto kwa mzere n'kubwera atanyamula chubu chachikulu chong'ambika m'mbali. Munali khofi wofika m'mawondo, masamba ake onyezimira ngati awadzoza mafuta.

"Uyu wakalambira m'chubu, palibe akumufuna. Anthu amati khofi amachedwa. Padzuwa amapsa masamba, koma pansi pa mtengo ngati jakaranda wanuyo amasangalala. Akafuna kutalika, umangotsina nsonga. Ukamutsina pamwamba, ukali wake wonse umapita m'nthambi ndi m'mizu."

"Amakhala zaka zingati?"

"Adzaika maliro ako, ndi a alamu ako omwe."

"Ndipatse ameneyo."

Ndinadzala tsiku limene apongozi anapita kukaona wodwala kwa Kasinje. Kambuzi m'mphepete, maluwa kukhoma. Khofi ndinamukumbira dzenje pambali penipeni pa mwala uja, mosamala, ndi manja, osafuna kukhudza chimene chinali pansi pake. Ndine wa Mvano, ndimapemphera, koma mchombo wa mwana wanga sindiuseweretsa. Ndinapempha Mulungu kuti ngati pali cholakwa chigwere ine, osati Tawina.

Apongozi atabwera madzulo, anazungulira kuseri monga mwa chizolowezi chawo choyendera chilichonse. Anaima. Anayang'ana khofi, anayang'ana mwala, kenako anayang'ana ine.

"Mwakumba mozama?"

"Ayi, amayi. Pambali chabe. Mizu idzapeza yokha njira."

A Yoramu anali chapafupi akumangirira mbuzi, ndipo nkhani imeneyo sinali yoti n'kuiyankhula mwamuna akumva. Apongozi anangokoka mpango wawo n'kupita.

Chaka chimenecho ndinachikhalira kuseri kwa nyumba. Madzi otsukulutsira mbale, kuseri. Zitosi za nkhuku, kuseri. Masamba a jakaranda sindinkawatayanso, ndinkawaunjika patsinde kuti chinyontho chisathawe. Kambuzi anabereka, ndipo akazi a alamu anga, omwe aja, anayamba kutuma ana kudzapempha. Ndinkawapatsa wodzaza dzanja, wowawa kwambiri ndikusankha dala. Maluwa a kukhoma anatambasula masamba aakulu ngati zikhatho. Khofi anaponya nthambi uku ndi uku, n'kuphimba mwala uja mpaka sunkaonekanso.

A Yoramu ankabwera kudzayendera, chikwanje chili kukhwapa. Ankaima pafupi ndi khofiyo n'kumadziyeza naye, bambo wamkulu ndi ndevu zake, kulimbana ndi chitsamba.

"Ameneyu akukula, amake Tawina."

"Akukula m'mbali, alamu. Za m'mbali simunaletse."

Ndinkatsina nsonga iwo akuona, n'kuwaponyera kumapazi. Ankachoka akung'ung'udza.

Tawina ndiye ankandidula mtima. Anali atamva kwa anzake kuti amayi ake achoka. Sankafunsa. Ankangonditsatira paliponse, ngakhale kubafa ankakhala panja kundidikira. Tsiku lina tikuthirira anandifunsa kuti, "Amama, khofiyu mukadzapita azidzathirira ndani?" Ndinamuuza kuti atenge ndowa akatungenso madzi, chifukwa sindinafune kuti aone nkhope yanga.

Chiliza anamanga mu Okutobala, jakaranda atachita maluwa, bwalo lonse lili bii ndi zoyoyoka zake zofiirira. M'mawa wotsatira akubanja anasonkhana pabwalo. Kwathu kunabwera amalume anga, munthu wofatsa mopitirira muyeso, amene ankangovomera chilichonse ndi kuwomba m'manja. Mawu anayankhulidwa. Ndinathokozedwa chifukwa chosamala m'bale wawo. Ndinauzidwa kuti ndine womasuka, ndingathe kupita, ndingathe kukwatiwa. Tawina ndi wa pamudzi pano, azidzabwera kudzandiona patchuthi.

"Mwamva, Thokozile?" anafunsa amalume, maso ali pansi.

"Ndamva."

Anthu anadabwa. Ankayembekezera kuti ndilalata, poti mbiri yanga ya pakamwa inali yodziwika mpaka kumjigo. Ine ndinangodzuka, Tawina atagwira chitenje changa, n'kulowa m'nyumba. Ndinatuluka ndi khasu ndi beseni lalikulu lochapira.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Yoramu.

"Kukazula zanga, alamu. Munanena nokha kuti ndizule, ndiike m'beseni, ndisenze."

Anaseka mokondwa, n'kutembenukira kwa anzawo. "Mwaona? Ndi munthu womva ameneyu, anthu amangomunamizira."

Ananditsatira kuseri, ena n'kutsatiranso pofuna kuonerera. Apongozi anabwera pambuyo, akuyenda pang'onopang'ono, n'kuima pakona ya khitchini.

Ndinayamba ndi kambuzi. Ndinazula, n'kuika pambali. Kenako maluwa a kukhoma. Nditafika pa khofi, ndinalemba mzere ndi khasu kuzungulira tsinde, mzere waukulu, wotenga ndi mwala womwe. Ndinayamba kukumba. Dothi linali louma pamwamba koma lofewa pansi, ndipo mizu yoyera inali italukana paliponse ngati ukonde. Inali itadutsa pansi pa mwala, itaukumbatira.

"Mukukumbiranji motambalala chonchi?" anafunsa a Yoramu. "Simungozula?"

"Khofi salola kusiya dothi lake, alamu. Ndinyamula lonse." Ndinakweza mawu pang'ono, maso anga ali pa apongozi. "Lonse, mpaka la pansi pa mwalawu. Ndikakafika ku Sharpevale ndikakwirira kuseri kwa nyumba ya amayi anga, mmene liliri."

Ndinaona dzanja la apongozi likugwira khoma.

Ndisaname, ndinkaopa. Khasu lililonse limene ndinkaponya linkandilasa ine ndemwe. Ndinkadziwa kuti akapanda kuyankhula, ndinyamuladi dothilo, ndipo ndikwera nalo galimoto, mwana wanga akulira m'mbuyo. Koma ndinkadziwanso mayi amenewo. Anali ataika mwana wawo m'manda, ndipo chimene anatsala nacho cha Chrispine chinali Tawina. Mwanayo akanamusunga m'nyumba mwawo, kumudyetsa, kumuveka, koma mumtima mwawo akanadziwa tsiku ndi tsiku kuti kwawo kwa mdzukulu wawo kunapita m'beseni kuchigwa.

"Mukuchedwa nazo," anatero a Yoramu. "Bweretsani khasulo ndikuthandizeni, galimoto ingakusiyeni."

Ndinawapatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Analavulira m'manja, anaponda mwala uja ndi nsapato, n'kukweza khasu.

"Yoramu!"

Mawuwo anamveka ngati mbale yagwa pasimenti. Khasu linaima m'mwamba.

"Chotsa phazi lako pamenepo. Ika khasu pansi."

"Amayi, ndi chitsamba chabe ichi."

"Ndati ika pansi! Ndiwe wogontha?"

Apongozi anadutsa pakati pa anthu, n'kuima pakati pa mwana wawo ndi khofi. Ankapuma mwamphamvu. Amuna onse anali kuwayang'ana, kudikira chifukwa, ndipo chifukwacho sakanachinena ngakhale atawaopseza ndi moto. Anandiyang'ana. M'maso mwawo munalibe chikondi, ndisakunamizeni. Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira munthu amene wakutchera msampha pakhomo pako pomwe. Ine sindinaphethire.

"Unaona kuti khofi akusamutsidwa dzuwa lili chonchi?" anatero potsiriza, akukalipira a Yoramu. "Afe? Adikire mvula."

"Chabwino, khofi adikire. Nanga mwini wake?"

"Azithirira ndani? Iweyo? Unayamba wathirirapo chiyani chibadwire?"

Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa chifuwa. A Yoramu anayang'ana amalume anga ngati angawathandize, koma amalume anangowomba m'manja monga mwa nthawi zonse.

"Amayi, nkhani tinamaliza pabwalo paja. Bizwell akudikira nyumba."

"Bizwell ali ndi manja. Dothi loumbira njerwa latha pamudzi pano?"

Atatero anagwada, mayi wokalamba, ndi nsalu yawo yatsopano ya pachiliza. Anayamba kubwezera dothi m'ngalande imene ndinakumba, ndi manja, akulitsendera ndi zibakera. Palibe anayerekeza kuwathandiza. Atamaliza anasesa pamwala paja ndi chikhatho, pamene panaponda nsapato, n'kuyitana osatembenuka.

"Tawina, katenge madzi. Amako aumitsa mizu."

Mvula inabwera mu Disembala. A Yoramu anakumbutsa, apongozi anati dothi lanyowetsa, mizu ingaole panjira. Itasiya mvula anati kwazizira. Kutatentha anati adikire mvula. Bizwell anaumba njerwa zake, ndipo nyumba yake ili kumunsi uko, yokhoma bwino kuposa yanga. Alamu anga mpaka lero akandipatsa moni amayang'ana kumbali. Ine ndimawayankha mokweza, n'kuwafunsa ngati kambuzi akadalipo kunyumba.

Ine ndi apongozi sitinakambepo za tsiku limenelo, ndipo sindinganene kuti timakondana. Amandinenabe kuti ndiwo zanga zimachuluka mchere. Chaka chino khofi wabereka koyamba, timbulu tofiira tothithikana m'nthambi, ndipo Tawina, amene tsopano wandipitirira paphewa, amatola n'kumayamwa.

Dzulo m'mawa ndikupita kukataya madzi kuseri, ndinawapeza apongozi ataima pa khofi paja, msana atandilozetsa. Anadziyeza naye m'chiuno, anasuzumira njira ya kwa a Yoramu, kenako anatsina nsonga ndi zikhadabo zawo n'kuibisa m'mpango. Beseni lija likadali pomwepo, nditalitsamiritsa kukhoma pamodzi ndi khasu. Lachita dzimbiri, ndipo apongozi andiuza kangapo kuti ndilichotse.

Sindinalichotse.